Masiku Amene Ananditsekera kwa Masisitere Chifukwa cha Mimba

Moni nonsenu abale anga mwa Ambuye, amayi anzanga a pagulu lino, ndi inu abambo amene mumangowerenga osayankha. Ndine Mayi Rozina, uja ndimagulitsa tomato ndi mbatata pamsewu pa Phalula. Lero ndati ndinene umboni wanga umene ndakhala nawo mumtima zaka zambirimbiri. Ine ndili mtsikana ndinatsekeredwa m'kachipinda kusukulu ya masisitere, akuti ndili ndi mimba, chikhalirecho mwamuna ndisanamudziwe. Abambo mundikhululukire, muli nkhani za azimayi muno, koma zimene Mulungu anachita sindingazinene mobisa.

Kwathu kwenikweni ndi kwa Mposa ku Machinga, kumunsi kuja kolima mpunga, kuyandikira ku Chilwa. Ku Phalula kuno ndinabwera ndi ukwati. Mudzi wathu unali wa Asilamu ambiri, Akatolika tinali mabanja owerengeka, ndipo bambo anga ndi amene ankatsogolera mapemphero Lamulungu limene wansembe sanabwere. Ndiye mukudziwa, mwana wa munthu wotere aliyense amamuyang'ana. Nditasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ya masisitere mbali ya ku Balaka kuno, anthu ena anasangalala, ena n'kumati, "Mwana wamkazi sukulu yogonera komweko? Akubweretserani mdzukulu ameneyo." Bambo ankangoyankha kuti, "Wangayu iyayi." Dzina la sukuluyo sinditchula, ilipobe ndipo ndimaikonda. Komanso musandiyese wophunzira, pepala limene ndili nalo ndi la Sitandade 8 basi. Kusekondaleko ndinalekera panjira bambo atamwalira ndili Fomu 2, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Moyo wa kumeneko unali wa belu. Belu lake silinali belu lenileni iyayi, chinali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo wa mango. Likalira mudzuke, likalira ku Misa, likalira kuphala, likalira m'kalasi, likalira mukatchetche udzu, likalira kolona. Kuzungulira sukulu yonse kunali mpanda wa khonje, geti limodzi lokha, ndipo kalata iliyonse yobwera kapena yopita inkayamba yawerengedwa ndi ahedi, Sisitere Imelda. Chichewa chinali choletsedwa. Ine Chingerezi changa chinali cha kwa Mposa, ndiye mwezi woyamba wonse ndinkangoti "yesi Sisitere, no Sisitere," mpaka anzanga ankayesa ndine wofatsa. Ine wofatsa! Amene mumandidziwa pamsika sekani ndithu. Koma ndinkakukonda. Kugona pabedi ndekha, nsapato kuphazi, magetsi, ndiye kuimba kwa m'tchalitchi muja atsikana onse pamodzi, thupi linkachita tsembwe. Ngakhale nyemba zofumbwa zija ndinkadya osadandaula, anankafumbwe ndinkangowakankhira m'mbali mwa mbale.

Tsopano panali mwambo umodzi umene tonse tinkauopa. Tsiku lachiwiri la teremu iliyonse tinkafola pamzere kuchipinda cha odwala, mmodzimmodzi kulowa, kugona chagada pabenchi, ametironi n'kumadina pamimba ndi zala. Ankati dzanja lawo silinaphonyepo. Amene wapezeka ankatumizira makolo ake kalata, dzina lake n'kuwerengedwa pa asembule, sutikesi pageti. Komanso mwezi uliwonse ukakhala kumwezi unkapita kwa ametironi omwewo kukatenga thonje, iwo n'kuchonga dzina lako m'kope. Ndiye ankadziwa za aliyense kuposa mayi ake omubereka.

Teremu yoyamba inatha bwino. Holide ya Khirisimasi ndinapita kwathu, ndipo kwathu holide si yopuma, ndi nthawi yowokera mpunga. Tsiku lonse m'madzi mpaka m'mawondo, mbande kumanja, msana wowerama. Tikaweruka tinkasamba mumtsinje womwewo, azimayi kumunsi, kumtunda kwake asodzi ndi anyamata. Kuyambira ndili mwana tinkatero, palibe ankaonapo chachilendo. Nditabwerera kusukulu ametironi anadina, anati pita, ndinatuluka ndikuseka.

Pakati pa teremu yachiwiri m'pamene zinayamba. Mwezi unadutsa osaona kumwezi. Wachiwiri chimodzimodzi. Thupi kulemera, m'kalasi kumangosinza, kukwera masitepe atatu okha a kutchalitchi mtima kugunda ngati ndathamanga. Kenako mimba inayamba kukula, yolimba, siketi ya yunifolomu kukana kutseka pamene miyendo ndi manja zikuwonda. China chimene sindinauze munthu aliyense, ndikapita kukataya madzi, pomaliza pankabwera magazi. Kumudzi ndinkamva kuti anyamata amakodza zofiira ndipo akuluakulu ankati ndiko kukula kwa mwana wamwamuna, koma za mtsikana sindinamvepo. Ine m'mutu mwangamu ndinkati ndi kumwezi kuja kwasochera njira chifukwa china chake chatseka.

Ndinali ndi mnzanga wogona bedi loyandikana, Agnesi, wa m'tauni ku Zomba. Iyeyu ankadziwa chilichonse, kapena ndinene kuti ankalankhula ngati akudziwa chilichonse. Tsiku lina Loweruka tikuchapa, akucheza ndi anzake, ndinamva akuti, "Inu simudziwa? Ukasamba kumunsi kwa pamene akusamba amuna umatenga mimba. Msuweni wanga zinamuchitikira." Anzakewo anaseka, ena anati bodza, ena anati zoona. Ine sopo anagwa m'manja. Ndinakumbukira mtsinje uja, asodzi aja kumtunda, masiku onse a holide. Lero ndikamanena adzukulu anga amagubuduka ndi phwete, koma ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo chimene anandiuza azakhali nditakula chinali chakuti ndiziopa amuna, basi. Kuti mimba imalowa bwanji kwenikweni palibe anandimasulira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mkaidi wa mimba yanga. Ndinang'amba chitenje chimene amayi anandipatsa, n'kumamanga pamimba zolimba mpaka kupuma movutikira. Posamba ndinkadikira onse atuluke. Mwezi ukakwana ndinkapita kwa ametironi kukatenga thonje ngati anzanga kuti dzina langa lichongedwe, thonjelo n'kumalibisa pansi pa sutikesi. Kutaya ndinkaopa, chinthu chatsopano choyera bwino, mwana wa kumudzi sataya. Ndinayesa kukalapa. Wansembe wathu anali mzungu wokalamba, Chichewa chake chokoka. Ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndinasamba mumtsinje momwe amasamba amuna." Iwo anati, "Kusamba si tchimo, mwana wanga. Pali china?" Ndinati palibe. Ndinatuluka ndi katundu wanga yense mmene ndinalowera naye.

Holide ya Pasaka ndinati ndikawauza amayi. Ndinafika kwathu, ndinapeza bambo auza mudzi wonse kuti ndinakhala nambala folo m'kalasi. Lamulungu anandiimiritsa kutsogolo kuti ndiwerenge mawu, iwo ali pambali akugwedeza mutu. Ndikanayambira pati? Amayi anati, "Wawondatu iwe, koma kamimba kokha. Nyemba za masisitere eti?" Ndinangoti eee. Kukhala kumudzi sindikanatha, kubwerera kusukulu kunali benchi ija ikundidikira. Ndinakwera basi ngati mbuzi yopita kumsika.

Tsiku lachiwiri la teremu linafika. Pamzere paja ndinkangolola anzanga kundipitirira mpaka ndinatsala ndekha. Nditagona pabenchi ametironi anakweza bulauzi, anaona nsalu ija. "Ichi n'chiyani?" Anamasula, anadina kamodzi kokha, n'kupukuta manja. Anatuma pulifekiti kukatenga sutikesi yanga, anaikhuthula pansi, thonje la miyezi itatu lili mbuu, losakhudza. Ndinamva ametironi akuti, "Ndiye wochenjeratu uyu. Ofatsa omwewa."

Mu ofesi Sisitere Imelda anavula magalasi. Anali mayi wamtali, Mmalawi mnzathu, wosakalipa, koma akakuyang'ana unkalakalaka akanakumenya. Anandilankhula m'Chichewa, koyamba chifikireni ine pasukulupo, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti zanga zatha. "Rozina, ndiuze dzina la mnyamatayo." Ndinati palibe mnyamata. Anafunsanso, ndinati palibe. Kachitatu ndinalira n'kufotokoza za mtsinje, za asodzi, zonse mmene ndinkazikhulupirira. Ametironi anawomba m'manja. "Ndiye bambo a mwanayu ndi mlamba? Sisitere, zaka zonsezi ndamva mabodza, koma ili lokha!" Sisitere sanaseke. Anangoti, "Ukuwonjezera bodza pamwamba pa tchimo. Ndilembera bambo ako."

Kalata ya kwa Mposa sinkayenda pa positi iyayi. Inkapita ku parishi, n'kudikira tsiku limene wansembe adzapite kutchalitchi kwathu. Ndiye podikira anandiika m'kachipinda kuseri kwa chipinda cha odwala, n'kukhoma kunja. Ankati kale mtsikana wina anathawa, wina anamwa mankhwala, ndiye sankafuna zibwerezeke, komanso ndisawononge anzanga. Munali bedi, ndowa yodzithandizira, mtanda pakhoma, ndi kawindo kam'mwamba ka zitsulo. Ndikaima pabedi ndinkaona nsonga ya mtengo wa mango uja basi.

Abale anga, masabata awiri ndi masiku angapo ndinakhala mmenemo, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri ndi belu. Likalira thupi linkadzuka lokha, ndafika kale pachitseko, kenako n'kukumbukira kuti kulibe kopita. Ndinkamva nsapato za anzanga akuthamangira m'kalasi. Ndinkamva akuimba ku Misa nyimbo zomwe ndinkatsogolera ine. Nthawi yotchetcha ena ankadutsa dala pansi pa windo n'kumati, "Amake mlamba, mwana akusambira bwanji?" Mawu a Agnesi ndinawamva kamodzi, akuuza wina kuti iye ankandikayikira kale. Ndinkakhala pabedi n'kumagwira mimba kudikira kuti mwina chigunda, osagunda. M'maganizo ndinkaona bambo anga akulandira kalata m'manja mwa wansembe pamaso pa mpingo, akuitsegula akumwetulira poyesa ndi za mayeso. Ndinkaona anthu aja ankati akubweretserani mdzukulu. Kolona ndinali nayo, koma ndinkangoyendetsa zala, mawu osatuluka. Ndinene zoona, masiku ena ndinkapempha kuti ndingofa bambo asanafike.

Tsiku lina masana belu la Mngelo wa Ambuye litalira ndinagwada pasimenti. Sindinanene pemphero la m'buku. Ndinangoti, "Ambuye, ngati muli mwana m'mimba muno, Inu ndi amene mukudziwa mmene analowera, ine sindikudziwa. Ndanena zoona, sakundimva. Ndilibenso mawu ena. Tumizani munthu woti akandinenere." Ndinadzuka osamva chilichonse, kumwamba kuli zii.

Amene ankandibweretsera chakudya ndi kutulutsa ndowa anali mayi wina wa kukhitchini, Abiti Jafali. Anali Msilamu, wachikulire, wamfupi, mpango kumutu nthawi zonse, fodya wake pansi pa mlomo. Ntchito yake inali kusankha nyemba ndi kutsuka miphika, ndipo ife atsikana mwamwano tinkamutcha Anyemba. Ine ndemwe ndinamutchulapo choncho, Mulungu andikhululukire. Anali atauzidwa kuti asamalankhule nane, ndiye ankangoika mbale, kunyamula ndowa, kutuluka. Koma tsiku limenelo atatuluka ndi ndowa sipanapite nthawi, ndinamva kiyi akutembenukanso. Analowa nayo ndowa ija, anaiika pansi, anatseka chitseko ndi msana.

"Iwe mwanache, kwanu n'kuti?"

"Kwa Mposa."

"Kumpunga?"

"Eee."

"Zofiira izi zinayamba liti? Usachite manyazi, ine ndi amene ndimataya. Zimabwera poyamba kapena pomaliza?"

"Pomaliza."

"Gona apa."

Anadina pansi pa mchombo, anapukusa mutu. Anakweza dzanja kumanzere, pansi pa nthiti, anadina, ine ndinakuwa. Anaseka, mano ake ofiira aja onse panja. "Ine ndabereka ana asanu ndi atatu, palibe ndi mmodzi yemwe anakhalapo m'nthiti. Mwana amayambira pansi apa. Ili ndi likodzo, mwanawe, ndipo chatupachi ndi kapamba. Malemu amuna anga anali msodzi ku Chilwa, anapita ndi chimimba chotere. Kaya nawonso anali oyembekezera?" Ndinamugwira mwendo ndikulira. Anati, "Ndisiye, ndikanene."

Mukuyesa zinathera pomwepo? Iyayi. Mawa lake anabwera nkhope ili gwa. Anati ametironi amuyankha kuti ntchito yake ndi nyemba, akapitiriza za udokotala akaupitirizire kwawo. Kwa Sisitere munthu wa kukhitchini sankangolowa, zonse zinkadzera kwa ametironi omwewo. Ndipo mayiyu anali ndi adzukulu amasiye amene ankadya kuchokera pa miphika imeneyo. Masiku anayi anabwerera ku zakale zija, kuika mbale, kunyamula ndowa, osanena kanthu. Amenewo ndiwo anali masiku owawa kuposa onse, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti ndilibe mlandu, koma chitseko chinali chokhomabe. Ndinkati Ambuye, mwandionetsa khomo n'kulitsekanso?

Masiku anayiwo atatha, m'mawa anabwera ndi phala, n'kutulutsa kabotolo m'chitenje. "Bambo ako afika, njinga ili pageti. Kodzera umu. Usandifunse." Ndinachita, anakakulunga, anapita.

Atandiitana ku ofesi ndinapeza sutikesi yanga ili kale pakhonde. Bambo anali atakhala pampando kunsonga kwenikweni, avala jekete lawo la kutchalitchi, fumbi mpaka m'nsidze, chipewa pamawondo. M'thumba la jekete munkaoneka mphira womangira katundu panjinga. Ndinagwada kuwapatsa moni, sanandiyang'ane. Ankangoyang'ana chipewa. Sisitere anafotokoza zonse, za nsalu, za thonje, za bodza la mtsinje. Bambo anati, "Sisitere, ndilibe mawu. Ine ndimaimirira pamaso pa anthu kuwaphunzitsa. Ndipatseni ndizipita naye kusanatenthe."

Sisitere atatenga cholembera kuti asayine kalata yondichotsa, chitseko chinatseguka popanda odi. Abiti Jafali anavula patapata pakhomo, analowa, anamasula kansalu, n'kuika botolo lija patebulo, pamwamba penipeni pa kalatayo. Linali lofiira ngati madzi otsukira nyama.

"Asisitere, mimba ija ndabwera nayo. Ndi iyi."

Ametironi anaimirira. "Mayi inu mwapenga? Zonyansazi pa tebulo la ahedi? Tulukani!"

"Ndituluka, ngakhale pageti ndituluka. Koma chipatala chili apa, kungodutsa tchalitchi. Akakapeza mwana m'mimba umu, mundichotse ntchito lero lomwe, malipiro musandipatse. Ine si wa mpingo wanu, Asisitere, koma ndowa ya mwanayu ndataya ine masiku onsewa. Inu munaionapo?"

Bambo anaweramira botolo lija, analiyang'anitsitsa. "Koma izi si zija amakodza anyamata kumudzi?" Kenako anatembenuka, n'kundiyang'ana koyamba. Anayang'ana manja anga owonda, anayang'ana m'maso. "Rozina, wayamba liti kudwala?"

Sisitere Imelda anavala magalasi, anatenga botolo lija ndi dzanja lawo, osakulunga, n'kunena kuti, "Tiyeni." Tinayenda pamzere kudutsa pabwalo, Sisitere patsogolo ndi botolo, bambo, ine, ametironi, Abiti Jafali pambuyo akukokera patapata. M'makalasi mitu inali mbwee m'mawindo. Ine miyendo inali itaiwala kuyenda, dzuwa linkandilasa m'maso.

Kuchipatala cha mishoni anamwino azamba anandigoneka, anandiyeza bwinobwino, anamvetsera ndi kachitsulo kawo kaja, n'kutuluka kukanena kuti mulibe mwana ndipo simunakhalepo mwana. Adokotala anadontheza mkodzo uja pakagalasi, anaika pa makina oonera tizilombo, anayang'ana pang'ono chabe n'kuitana bambo. "Bwerani muone nokha, akuluakulu." Bambo anatsinzina diso limodzi, anasuzumira nthawi yaitali. Adokotala anati timazira timeneto ndi ta likodzo, tizilombo take timalowa pakhungu munthu akamakhala m'madzi, ndipo magazi anga anatsala ochepa kwambiri, n'chifukwa chake kumwezi kunasiya. Anati kapamba watupa ndi likodzo lomwelo pamodzi ndi malungo akalekale. Anati tikanachedwa miyezi ina, nkhani ikanakhala ina. Taganizani, ndikanapita kumudzi tsiku limenelo, tonse tikanakhala pansi kudikira mwana woti sadzabadwa, mpaka ine n'kupita. Ndiye madzi aja analidi ndi mlandu, Agnesi sananame kwenikweni, anangolakwitsa katundu wake.

Tikutuluka, pakhonde pa chipatala pomwepo, anthu odwala akuona, Sisitere Imelda anaima patsogolo panga. "Rozina, unanena zoona ndipo sindinakumvere. Ndinalakwa. Undikhululukire." Anapepesanso kwa bambo. Munthu wamkulu ngati ameneyo, wovala zoyera, kupepesa kamwana ka Fomu 1! Kuyambira chaka chimenecho aliyense wokayikiridwa ankayamba wapita kuchipatala kalata isanalembedwe. Ametironi sanapepese, ndisaname, ndipo sanandiyang'anenso m'maso. Koma mwezi wonse ndikumwa mankhwala ndinkapeza kapu ya mkaka pawindo la chipinda cha odwala, ndipo ndikudziwa sanali angelo ankaika. Mankhwala ake anali mapilitsi akuluakulu owawa, ochititsa chizungulire, koma pofika mwezi wachiwiri siketi inayamba kutseka.

Tsopano mverani za bambo anga. Titabwerera ku ofesi anasenza sutikesi ija pamutu, munthu wamwamuna, ndi jekete lomwe, kulunjika ku hositelo. Amuna sankaloledwa kupitirira pakampanda ka hositelo, ndiye anaima pomwepo. Inali nthawi ya chakudya chamasana, atsikana onse akudutsa ndi mbale zawo. Bambo anatula sutikesi, anavula chipewa, n'kukweza mawu aja ankatsogolera nawo mapemphero.

"Ana inu! Tamverani kuno! Mwana wangayu ali ndi likodzo! Ndaona ndekha ndi diso langali! Likodzo!"

Atsikana anayamba kuseka, ena kuwomba m'manja, ine ndikufuna nthaka ingondimeza. Koma nditawayang'ana ndinaona misozi ikutsika kudula fumbi lija m'masaya. Chibadwireni sindinaonenso munthu wonyadira matenda ngati bambo anga tsiku limenelo. Ndipo akuti njira yonse ya kwa Mposa aliyense wowapatsa moni ankamuuza zomwezo.

Asananyamuke anapita kukhitchini kukathokoza. Anagwada pakhomo, mtsogoleri wa mapemphero kugwadira mayi wotsuka miphika. Abiti Jafali anati, "Iii, dzukani bambo, mundichititsa manyazi. Amene anandionetsa ndi Mulungu, ine ndimangotaya ndowa. Pitani, nyemba zanga zipserera." Mpunga utakololedwa bambo anabweranso panjinga ndi thumba lathunthu la iyeyo.

Ndiye lero ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la mwana wosadziwa kanthu. Ndinapempha munthu wondinenera, ine n'kumayang'ana kwa wansembe, kwa Sisitere, kwa anthu ophunzira. Iye anatuma mayi amene ndinkamunyoza, wosadziwa kulemba dzina lake, wopemphera kumzikiti. Ana asanu ndi mmodzi amene ndinadzabereka pambuyo pake, pa nthawi yake ndi bambo wawo wodziwika, onse ndi mphatso yochokera tsiku limenelo.

Inu amene muli m'kachipinda kanu lero, kaya ndi matenda, kaya akunamizirani kuntchito, kaya m'banja, ndipo mwanena zoona mpaka mawu atha, musaleke kupemphera ngakhale pemphero likutuluka lopindika. Masiku anayi aja oti mwaona khomo koma silikutseguka, pirirani, musadzipweteke. Ndipo amayi anzanga, ana athu aakazi tiziwauza zinthu momveka, tisamangoti opa amuna. Mwana akakodza zofiira, wamwamuna kaya wamkazi, si kukula kumeneko, thamangani naye kuchipatala.

Abiti Jafali anamwalira kalekale, ndinamva mochedwa, ngakhale manda ake sindikuwadziwa. Koma Lamulungu lililonse wansembe akati tikumbukire abale athu amene anatisiya, ine ndimatchula dzina lake mokweza, Msilamu, pakati pa tchalitchi. Poyamba anthu ankatembenuka. Pano amene amakhala benchi limodzi ndi ine amangoyankha kuti amen.